KAMERA YA MPHATSO M'BANJA: TISANKHE BWANJI PAMENE NDALAMA ZILI ZOCHEPA?

Pa Malomo, m'boma la Ntchisi, pamene mseu wochokera ku Ntchisi boma ukumana ndi mseu waukulu wa pakati pa Kasungu ndi Nkhotakota, tinacheza ndi bambo wina, mlimi wa soya ndi mtedza, amene anali ndi nkhani yomulemera mumtima. Iye ndi akazi ake anali pafupi kukwanitsa zaka 25 ali m'banja, ndipo bamboyo anafuna kuwagulira amayiwo kamera. Anzake atamva anamseka, nati, "Kodi nsalu zatha m'sitolo?" Koma iye anali nacho chifukwa chake.

Miyezi ingapo m'mbuyomo apongozi ake aakazi anamwalira. Pokonza za maliro, ana anafunafuna chithunzi cha gogoyo m'nyumba monse, koma chimene anapeza ndi kankhope kakang'ono ka pa chiphaso cha unzika chimene gogoyo anajambulitsa mu 2017. Chithunzi cha tsiku la ukwati wa bamboyo chinalipo chimodzi chokha, chotoledwa ndi wojambula woyenda panjinga, ndipo chiswe chinachidya kale m'sutikesi. Zithunzi za adzukulu zinali m'foni ya mnyamata wawo wamkulu, koma foniyo inabedwa m'basi. Maliro atatha, amayiwo anati kwa amuna awo, "Bambo, nanga ifeyo tikadzapita, adzukuluŵa adzatidziŵa ndi chiyani?"

Mawu amenewo ndiwo anabala maganizo a mphatsoyi. Tikhulupirira kuti alipo aŵerengi ambiri, abambo ndi amayi omwe, amene ali nalo khumbo lomweli, koma m'thumba muli mopepuka, ndipo mawu olembedwa pa makatoni a makamera amawazunguza mutu. Nkhani ino tawalembera iwo, pamodzi ndi achinyamata amene kaŵirikaŵiri ndiwo amatumidwa ku tauni kukagula.

KUCHOKERA KU FILIMU KUFIKA KU KHADI

Makolo akumbukira kamera ya filimu. Filimu imodzi inkatenga zithunzi 24 kapena 36, ndipo wojambula ankayembekeza kuti ithe yonse asanapite nayo ku tauni kukatsukitsa. Munthu unkapereka chikole, nudikira milungu ingapo, osadziŵa ngati unatuluka bwino kapena unatsinzina. Kamera ya dijito imagwira ntchito mwa njira ina. Kuseri kwa galasi lake kuli kachipangizo kakang'ono kotchedwa sensa, kamene kamalandira kuŵala ndi kukusandutsa manambala, ndipo manambalawo amasungidwa pa kakhadi kamene ambiri amakatcha memori khadi. Chithunzi chimaoneka nthaŵi yomweyo pa sikirini ya kumbuyo. Chikaipa muchifafaniza, nimujambula china popanda kutaya tambala.

Kamera yoyamba ya mtundu umenewu inapangidwa mu 1975 ndi Steven Sasson, injiniya wa kampani ya Kodak ku America. Inali yolemera makilogalamu oposa 3, ndipo inkatenga masekondi 23 kuti isunge chithunzi chimodzi chopanda mitundu pa tepi ya kaseti. Pofika mu 2010, bungwe la opanga makamera la ku Japan lotchedwa CIPA linaŵerenga makamera a dijito okwana 121 miliyoni otumizidwa ku misika m'chaka chimodzi chokha. Kenaka mafoni a m'manja okhala ndi kamera anafala, ndipo mu 2023 chiŵerengero chija chinatsika, osakwananso 8 miliyoni.

Mbiri imeneyi ili ndi phunziro kwa wogula wa pa Malomo. Makampani odziŵika anachepetsa kwambiri kupanga timakamera tating'ono totsika mtengo, kotero kuti chimene mupeze pa ndalama zochepa chikhala chimodzi mwa zitatu izi: kamera yatsopano ya mtundu wamba, kamera yogwirapo kale ntchito ya kampani yodziŵika, kapena kamera yonyezimira yopanda dzina lenileni. Dziŵaninso kuti m'zaka zaposachedwapa achinyamata a m'maiko akunja ayambanso kukonda timakamera takale, ndipo zimenezi zakweza mitengo ya makamera ogwirapo ntchito.

MPHATSOYI NDI YA YANI?

Musanafunse mtengo, dzifunseni funso ili moona mtima. Alipo abambo amene amati agulira akazi awo wailesi, koma wailesiyo imagona ku bawo. Kamera nayo ingathe kuyenda njira yomweyo: dzina n'kukhala la amayi, koma ili m'thumba la jekete la bambo, kapena ili kusukulu ndi mwana. Mphatso yotere imabala chidandaulo m'malo mwa chimwemwe, ndipo wolandirayo amaona msanga kuti anangomunamiza.

Chifukwa chake yambani ndi kuganizira mwini wake. Kodi maso ake amaona bwino timalemba tating'ono? Ngati ayi, funani kamera ya sikirini yokulirapo ndi mabatani ochepa, oonekera bwino. Kodi manja ake amanjenjemera? Pamenepo funani kamera yokhala ndi chogwirira chabwino, ndiponso yokhala ndi chipangizo choletsa kugwedera kwa chithunzi, chimene Canon amachilemba IS ndipo Nikon amachilemba VR. Kodi adzajambula chiyani? Wina afuna nkhope za adzukulu pabwalo, wina afuna msonkhano wa amayi a Chigwirizano m'tchalitchi mopanda kuŵala kokwanira, wina afuna mbewu zake kudimba kapena mpira wa anyamata. Ntchito iliyonse ili ndi kamera yoiyenera.

Tiyeneranso kunena chilungamo pa za foni. Foni yabwino ya masiku ano imajambula bwino kuposa timakamera tambiri takale, makamaka madzulo, ndipo imatumiza chithunzi kwa mwana wa ku Lilongwe kapena ku Johannesburg nthaŵi yomweyo. Ngati wokondedwa wanu alibe foni, ndipo chimene alakalaka ndi kutumizirana zithunzi ndi ana, m'gulireni foni. Koma kamera ili ndi zabwino zake. Imakoka zinthu zakutali ndi galasi lenileni. Batire lake silitha ndi kuimba kapena kumvera nyimbo. Siibwerekedwa tsiku lililonse monga foni. Ndipo zithunzi zake zimakhala pa khadi limene mungathe kulichotsa ndi kulisunga palokha.

ŴERENGANI MTENGO WONSE

M'nyumba zambiri za ku Ntchisi ndi ku Dowa ndalama zimaoneka kamodzi pachaka, pamene soya, mtedza kapena fodya wagulitsidwa, ndipo ndalama zomwezo zimayembekezedwa ndi fizi ya sukulu, feteleza ndi chipatala. Kamera si chakudya. Igulidwe ndi zotsala pamene zofunika zonse zapatulidwa, kapena ndi ndalama zosungidwa pang'onopang'ono, monga zogaŵana ku banki mkhonde. Kutenga katapila chifukwa cha mphatso ndi kuloŵetsa njala m'nyumba ya munthu yemweyo amene mufuna kumkondweretsa.

Mitengo sititchula pano, pakuti katundu wochokera kunja amasintha mtengo mofulumira. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo zinthu zonse zoitanitsa kunja zinakwera. Chimene tingakulangizeni ndi ichi: funsani mitengo m'masitolo atatu kapena anayi musanatulutse ndalama, ndipo poŵerengera muphatikize khadi, mabatire, tchaja, kachikwama kosungiramo, thiransipoti yopita ku Kasungu kapena ku Lilongwe, ndi ndalama zotsukitsira zithunzi. Ambiri amathera ndalama zonse pa kamera yokha, nafika nayo kunyumba ilibe khadi, n'kukhala m'kabati miyezi itatu.

Ena amakonda kudzidzimutsa mnzawo ndi mphatso yobisa. Nzabwino ngati ndalamazo ndi zanu zokha ndipo ndi zochepa. Koma ndalama za m'munda umene munalima aŵiri ndi za aŵiri. Mayi amene anapalira nawo mtedza angakondwe kwambiri atafunsidwa, kusiyana ndi kudzazindikira pambuyo pake kuti matumba aŵiri anapita ku chinthu chimene iye sanachifune. Chimodzimodzinso amayi ofuna kugulira amuna awo ndi ndalama za geni yawo: fufuzani mochenjera chimene bambowo angakonde.

MANAMBALA A PA KATONI

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pa katoni ya kamera pamalembedwa manambala akuluakulu okopa wogula, ndipo oyamba mwa iwo ndi a megapixel. Chithunzi cha dijito chimapangidwa ndi timadontho tambirimbiri, monga momwe mikanda yosanjikana imapangira duŵa pa lamba. Megapixel imodzi ndi timadontho 1 miliyoni. Tsono taonani: chithunzi cha masiku onse cha m'alubamu, cha masentimita 10 m'lifupi ndi 15 m'litali, chimatuluka choyera bwino ndi timadontho 1,200 mbali ina ndi 1,800 mbali inayo, ndiko kuti ma megapixel opitirira 2 pang'ono. Chithunzi chachikulu ngati pepala la A4, chopachika pakhoma, chimafuna pafupifupi ma megapixel 9. Motero kamera ya ma megapixel 10, 12 kapena 16 ikwanira ntchito zonse za m'banja.

Chenjerani ndi timakamera topanda dzina lodziŵika timene timalembedwa ma megapixel 48 kapena kuposa, koma mtengo wake uli wotsika modabwitsa. Tambiri mwa ito tili ndi sensa yaing'ono ndi galasi lachabe, ndipo timangofufumitsa chithunzi chaching'ono kuti manambala achuluke, monga wothira madzi mumkaka. Kamera yakale ya ma megapixel 12 ya kampani yodziŵika, monga Canon PowerShot kapena IXUS, Nikon Coolpix, Sony Cyber-shot, Panasonic Lumix kapena Fujifilm FinePix, kaŵirikaŵiri imajambula bwino kuposa timeneti.

Nambala yachiŵiri ndi ya zoom, ndiko kukoka chinthu chakutali kuti chioneke pafupi. Pali mitundu iŵiri. Yotchedwa optical zoom ndiyo yeniyeni: galasi limatuluka ndi kubwerera, ndipo chithunzi chimakula osataya kuyera kwake. Yotchedwa digital zoom imangodula pakati pa chithunzi ndi kupatambasula, kotero kuti nkhope zimaoneka zambuu. Poyerekeza makamera, yang'anani nambala ya optical yokha. Ya 4x kapena 5x ikwanira pa ukwati, pa ubatizo ndi pa zochitika za kusukulu. Wofuna kujambula zakutali afune 10x kapena kuposa. Mseu wochoka pa Malomo kupita ku Nkhotakota umadutsa m'nkhalango yosungiramo nyama ya Nkhotakota, kumene bungwe la African Parks linasamutsirako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete mu 2016 ndi 2017. Njovu siiyandikiridwa, woijambula amadalira galasi lokoka kutali, iye ali chikhalire m'galimoto.

MOTO WAKE UDZACHOKERA KUTI?

Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti m'Malaŵi muno nyumba pafupifupi 11 zokha mwa 100 zilizonse ndizo zinkaunikira ndi magetsi, ndipo kumidzi zinali zocheperapo. Chotero kwa ambiri a ife nkhani ya batire ndi yaikulu kuposa ya megapixel.

Makamera ena ali ndi batire lawolawo la lithium, lopyapyala, lofuna tchaja yakeyake. Limasunga moto nthaŵi yaitali, koma likafa kapena tchaja ikatayika, kupeza lina lofanana nalo ndi ulendo wa ku Lilongwe, ndipo mwina osalipeza. Makamera ena amatchajidwa ndi chingwe cha USB monga foni, ndipo ameneŵa ayenera nyumba yokhala ndi sola. Enanso amagwiritsa ntchito mabatire wamba a AA, amene amapezeka m'magolosale ambiri. Mwa makamera akale, ambiri a Canon PowerShot a chilembo cha A ndi a Nikon Coolpix a chilembo cha L ndi otere. Mwa opangidwa m'zaka zaposachedwapa, Kodak Pixpro FZ45, ya ma megapixel 16 ndi optical zoom ya 4x, imatenga mabatire aŵiri a AA. Koma dziŵani kuti mabatire otchipa a tochi ndi wailesi amatha msanga m'kamera. Gulani olembedwa alkaline, kapena, koposa zonse, mabatire anayi otchajanso olembedwa NiMH pamodzi ndi tchaja yawo, kuti aŵiri akhale m'kamera, aŵiri ali pamoto.

Khadi nalo lifuna chisamaliro. Mtundu wofala ndi wa SD, ndipo uli m'magulu atatu: SD wamba kufikira 2 GB, SDHC kuyambira 4 GB kufikira 32 GB, ndi SDXC kupitirira pamenepo. Kamera yakale kwambiri siiŵerenga khadi lalikulu lamakono, choncho muliyese m'kameramo musanalipire. Khadi la 16 GB kapena 32 GB limasunga zithunzi zikwizikwi. Peŵani makamera akale ofuna makhadi a xD, amene ankagwiritsidwa ntchito ndi Olympus ndi Fujifilm, kapena a Memory Stick a makamera akale a Sony, pakuti makhadi ameneŵa ndi osoŵa tsopano. Makhadi achinyengo aliponso ambiri, olembedwa kukula kumene alibe; oterewo amameza zithunzi mosachenjeza. Gulani khadi m'sitolo yopereka lisiti.

POGULA YOGWIRAPO NTCHITO

Safunsa anadya phula. Kamera yogwirapo ntchito ingakhale mphatso yabwino ndithu, ndipo palibe manyazi pamenepo, malinga mwaiyesa bwino. Tengani khadi lanu ndi mabatire anu, ndipo ngati simudziŵa zambiri pitani ndi wachinyamata wodziŵa.

Choyamba, iyatseni ndi kuizima kasanu. Galasi lituluke ndi kubwerera mosadodoma ndi mopanda phokoso la mchenga. Kufa kwa timakamera tambiri kumayambira pamenepa, ndipo kukonzetsa kwake kumadula kuposa kamerayo.

Chachiŵiri, yang'anani m'galasi poŵala. Mukaona timizere toyera tonga ulusi wa kangaude m'kati mwake, imeneyo ndi nkhungu yobwera ndi chinyezi, ndipo siichoka ndi kupukuta.

Chachitatu, tsegulani poika mabatire. Ufa woyera kapena dzimbiri zisonyeza kuti mabatire anaphulikiramo.

Chachinayi, jambulani khoma loyera kapena thambo, nimukulitse chithunzicho pa sikirini. Madontho akuda kapena mizere yokhala pamalo amodzi m'zithunzi zonse ndi chilema cha m'kati.

Chachisanu, jambulani nkhope ya munthu panja, kenaka m'nyumba ndi fulashi, nimuone ngati maso ndi tsitsi zaoneka bwino.

Chachisanu ndi chimodzi, funsani za tchaja, za lisiti, ndi za masiku amene mungabweze katunduyo akapezeka ndi vuto. Wogulitsa wokana kuti muyese, kapena wolephera kufotokoza kumene anaitenga kamerayo, msiyeni. Mphatso ya m'banja isakhale katundu wakuba. Ngati mutuma mbale wa ku Johannesburg kuti akugulireni, mlembereni dzina ndi nambala ya kamerayo, ndipo musatumize ndalama pafoni kwa munthu wosamdziŵa amene mwangoona malonda ake pa Facebook.

MPHATSO IKAFIKA PAKHOMO

Kupereka katoni si mapeto a ntchito. Khalani pansi ndi mnzanuyo, muike kamera pa chizindikiro cha Auto, mukonze tsiku ndi chaka kuti zithunzi zidzadziŵike nthaŵi yake, ndipo mumsiye ajambule yekha kufikira atazoloŵera. Inu achinyamata, phunzitsani makolo anu moleza mtima, osawalanda m'manja. Malamulo oyamba ndi ochepa: dzuŵa likhale kumbuyo kwa wojambula, zigongono zigunde m'nthiti, ndipo batani lidinidwe pang'ono kaye kuti kamera ipenye bwino, kenaka n'kulimaliza.

Adani a kamera kuno kumapiri ndi fumbi la chilimwe ndi chinyezi cha dzinja. Isungidwe m'kachikwama kake, kutali ndi utsi wa kukhitchini, ndipo mabatire achotsedwe ngati ikhala milungu yambiri osagwira ntchito. Galasi lipukutidwe ndi kansalu kofeŵa koyera, osati ndi chala kapena nsonga ya chitenje.

Ulemu nawo usaiŵalike. Pemphani musanajambule munthu, makamaka wodwala, wolira pamaliro, kapena mwana wa eni ake. M'mapemphero funsani akulu a mpingo nthaŵi yoyenera. Chithunzi cha mnzanu chisatumizidwe pa WhatsApp iye asanavomere.

Koposa zonse, tsukitsani. Khadi limatha kufa, foni imabedwa, koma chithunzi cha papepala chosungidwa pouma chimafika kwa adzukulu. Pakutha pa nyengo iliyonse sankhani zithunzi 10 kapena 20 zabwino koposa, mukatsukitse ku situdiyo, mulembe kuseri kwake mayina, malo ndi chaka, nimuziike m'alubamu mosafika chiswe. Zotsalazo zikopedwe pa khadi lachiŵiri kapena pa kompyuta ya mbale wodalirika.

Bambo wa pa Malomo uja, atalingalira zonsezi, anasiya maganizo obisa. Anawauza akazi ake, ndipo anagwirizana kudikira kufikira soya atagulitsidwa ndi fizi italipidwa. Anapita onse aŵiri ku Kasungu, mwana wawo wamkazi ali nawo, nasankha kamera yogwirapo ntchito ya mabatire a AA, chifukwa amayiwo anaona kuti mabatani ake ndi aakulu ndipo ikukhala bwino m'dzanja. Pobwerera bamboyo anati, "Amayi, muyambe ndi ine." Amayiwo anaseka, nati, "Inu bambo mudikire, tili nanu pompano." M'maŵa mwake anakwera njinga kupita kumudzi kwa amuna awo, kumene apongozi awo aamuna, nkhalamba yoyendera ndodo, anali asanajambulidweponso chiyambire pa chiphaso chija. Gogoyo anaitanitsa jekete lake la Lamulungu, nakhala pampando pakhonde, adzukulu atamzinga. Chithunzicho chinatsukidwa zitatu: chimodzi cha gogoyo, chimodzi cha m'alubamu, ndi chimodzi cha mwana wa kutali.